Kuyeza Makina Asanadwale: Mbiri Yochokera ku Manchester

M'zaka za m'ma 1850, mzinda wa Manchester ndi matauni oyandikana nawo monga Oldham, Bolton ndi Rochdale ankadyera thonje. Mafakitale owomba nsalu ankayendera nthunzi yochokera m'maboila, zimatanki zachitsulo zowiritsira madzi pamoto wa malasha. Boila ikadyeka ndi dzimbiri, kapena madzi akaphwa woyang'anira osazindikira, inkaphulika n'kugwetsera anthu makoma. Mu 1854 ngozi yotere inapha anthu ku Rochdale, ndipo mmodzi mwa ofufuza anali William Fairbairn, injiniya wochokera ku Scotland yemwe anapanga nawo boila yotchuka ya Lancashire mu 1844.

Fairbairn anaona kuti kufufuza maliro atachitika kale sikupulumutsa munthu. Pofika 1855, iye ndi eni mafakitale ena anali atakhazikitsa bungwe lopewa kuphulika kwa maboila, lomwe kenako linatchedwa Manchester Steam Users' Association. Mwini fakitale ankalipira ndalama pachaka, bungwe n'kumamutumizira woyendera. Woyenderayo ankadikira kuti boila izizire, n'kukwawira mkati ndi nyali komanso kahamala. Ankagogoda chitsulo malo ndi malo atatchera khutu: pabwino pankalira kuti ngwee, podyeka pankamveka mogontha. Zonse ankazilemba m'buku, kuti akadzabweranso adzafanizire ndi zimene anapeza ulendo wapita. Kwa ine, ntchito yolosera kuwonongeka kwa makina inabadwira m'buku limeneli, chifukwa muyeso wa tsiku limodzi suuza munthu zambiri, koma miyeso yotsatizana imaonetsa komwe chitsulo chikulowera. Boma linabwera m'mbuyo: lamulo loti kuphulika kwa boila kuzifufuzidwa linakhazikitsidwa mu 1882.

Kenako kunabwera magetsi. Sebastian de Ferranti anasamutsira fakitale yake ku Hollinwood, pafupi ndi Oldham, mu 1896. M'mbali mwa Manchester Ship Canal, ngalande ya sitima zapamadzi yomwe inatsegulidwa mu 1894, kampani ya British Westinghouse inamanga fakitale yaikulu ku Trafford Park, ndipo mu 1919 inasanduka Metropolitan-Vickers. Majenereta, mamota ndi mathiransifoma ochokera kumeneko anafika m'maiko ambiri. Koma makina a magetsi amabisa vuto. Hamala singakuuze kuti pepala lokutira mawaya mkati mwa thiransifoma layamba kupsa. Panafunika zida zatsopano, monga Megger yoyezera mphamvu ya zokutira mawaya, ndi kachipangizo kamene Max Buchholz wa ku Germany anapanga mu 1921, kamene kamachenjeza mpweya ukayamba kusonkhana mu oyilo wa thiransifoma.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri mafakitale ankadalira kalendala. Maola akakwana, makina ankaimitsidwa n'kumasulidwa, kaya ali bwino kaya ayi. Maganizo amenewa anagwedezeka mu 1978, pamene Stanley Nowlan ndi Howard Heap a kampani ya ndege ya United Airlines anatulutsa lipoti losonyeza kuti zipangizo 11 zokha pa 100 zilizonse za m'ndege n'zimene zinkawonongeka motsatira ukalamba. Zambiri zinkafa nthawi iliyonse, ndipo zina zinkafa zitangomangidwa kumene. Amakanika amadziwa zimenezi: makina omwe amayenda bwinobwino nthawi zina amayamba kuvuta atangochokera ku sevisi.

Manchester inali itabereka kale chida china. Pa 21 June 1948, Freddie Williams, Tom Kilburn ndi Geoff Tootill anayendetsa pa yunivesite ya mumzindamu kompyuta yotchedwa Baby, yoyamba yamagetsi yosunga pulogalamu m'kati mwake. Kampani ya Ferranti inapititsa luso limeneli ku mafakitale, moti mu 1962 kompyuta yake ya Argus inayamba kuwongolera fakitale ya mankhwala ya ICI ku Fleetwood, m'chigawo cha Lancashire. Kuyambira pamenepo miyeso inayamba kutengedwa usana ndi usiku.

Njira imene imandichititsa chidwi koposa ndi ya oyilo. Injiniya amatapa oyilo pang'ono pa thiransifoma, monga mmene dokotala amatengera magazi, n'kukayezetsa mipweya yosungunukamo. Akapeza hydrogen wambiri, amaganizira timoto ting'onoting'ono todumpha mkati. Akapeza acetylene amadziwa kuti zinthu zafika poipa, chifukwa mpweya umenewu umapangika pamoto waukali wa magetsi. Carbon monoxide amasonyeza kuti pepala likupsa. M'zaka za m'ma 1970, R. R. Rogers wa bungwe lopanga magetsi la CEGB ku Britain anakonza njira yofananizira kuchuluka kwa mipweyayi, ndipo Michel Duval wa ku Canada anapanga yake imene ikugwiritsidwabe ntchito. Mota nayo imadziulula. Bearing ikayamba kukumbika, kunjenjemera kwake kumasintha masabata angapo khutu lisanamve kanthu, ndipo kachitsulo kothyoka mu rotor kamasiya chizindikiro m'magetsi amene motayo ikukoka, pafupi ndi 50 Hz.

Lero fakitale ya Metropolitan-Vickers kulibenso, koma yunivesite ya Manchester ili ndi labotale ya magetsi amphamvu yomwe imagwira ntchito ndi kampani ya magetsi ya National Grid, ndipo Siemens, yomwe ili ndi maofesi mumzindamu, inagula mu 2022 kampani ya Senseye yopanga mapulogalamu olosera kuwonongeka kwa makina. Masensa anatsika mtengo, miyeso ikubwera mwaunyinji pa intaneti. Ena amati injiniya wamkulu watsala pang'ono kusowa chochita. Ine sindikugwirizana nazo. Ndi iye amene amasankha makina oyenera kuwayang'anira, malo omatapo sensa, ndi malire amene alamu ilirirepo. Akaika malire otsika, alamu imalira pachabe mpaka antchito n'kuizolowera; akakweza kwambiri, imalira mota itapsa kale. Ndipo pulogalamu ikanena kuti pampu ili pangozi, pamafunikabe munthu wopita kwa bwana wa fakitale, amene maso ake ali pa katundu wa sabata ino, kukamuuza kuti makina aime Lachisanu. Pamenepa sipalowa kompyuta.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Nkula A inayamba kupanga magetsi mu 1966 ndipo inapirira zaka zoposa 50 isanakonzedwenso kwathunthu mu 2018. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mota imodzi ikafa nthawi yodula nzimbe, mizere ya mathirakitala imangoima pageti. Tisadikire kugula mapulogalamu odula. Makampani athu a magetsi, a madzi, a shuga ndi a tiyi ayambe ndi zomwe angathe chaka chino: kuyezetsa oyilo wa mathiransifoma nthawi yake, kusunga miyeso pamalo amodzi pomwe wobwera m'mbuyo adzaipeze, ndi kupatsa injiniya wamkulu mphamvu yoimitsa makina popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.