Chikondi Chosathawa: Kuchokera ku Carthage Kufika ku Misuku

Mpingo woyamba sunachedwe kuzindikira kuti chikondi chapakamwa sichikhutitsa mimba. Ku Yerusalemu atumwi anasankha amuna asanu ndi awiri oti azigawira amasiye chakudya. Mliri utagwa ku Carthage m'zaka za m'ma 250, anthu akutaya odwala m'misewu, bishopu Cyprian anauza akhristu ake kuti asamalire ngakhale amene ankawazunza. M'chaka cha 362 mfumu Julian ya Aroma, imene inkadana ndi chikhristu, inadandaula kuti akhristu akudyetsa amphawi awo ndi achikunja omwe. Posakhalitsa Basil anamanga nyumba ya odwala ndi alendo ku Caesarea. M'zonsezi mkhristu ankadziwika ndi chinthu chimodzi: ena akathawa, iye ankatsala.

Kuno kumpoto kwa Malawi khalidweli linayesedwa pamoto m'zaka za m'ma 1880. Amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, anatsegula siteshoni ku Ncherenje, m'dziko la Mwiniwanda, m'boma lomwe lino la Chitipa, kufupi ndi msewu wa Stevenson wolumikiza nyanja yathu ndi ya Tanganyika. Malowo anasanduka manda. Dokotala David Kerr Cross anaika mkazi wake m'manda atangofika kumene, koma sanalongedze katundu. Nkhondo ya Mlozi, wamalonda a akapolo, itabuka ku Karonga mu 1887, Angonde atawotchedwa m'mabango a ku Kambwe, iye anatsikira kunyanja kukamanga mabala. Mbusa Alexander Bain naye anapirira malungo mpaka anamutenga mu 1889.

Mabuku ambiri amaika kampani ya African Lakes pampando womwewo, poti inamenyana ndi Mlozi. Ine ndimakana. Kampaniyo inkagula minyanga ya njovu kwa amalonda omwewo isanakangane nawo, ndipo poteteza Angonde inkatetezanso sitolo yake. Inathandiza, inde, ndipo Mlozi atapachikidwa mu Disembala 1895 akapolo mazanamazana anamasulidwa. Koma chifundo chowerengera phindu ndi malonda basi.

Ulemu waukulu ndimaupereka kwa munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri pa guwa: William Koyi, Mxhosa wa ku Lovedale ku South Africa. Anabwera mu 1876 ndi anzake atatu, ndipo mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anamwalira chaka chotsatira. Koyi anakakhala ku Njuyu pakati pa Angoni a M'mbelwa, pa nthawi imene mikondo yawo inkaopedwa m'dziko lonse la kumpoto. Analibe mfuti, analibe boma loti limulipsire akaphedwa. Anali ndi chilankhulo chofanana ndi chawo, ndi mtima wotha kukhala pabwalo tsiku lonse akunyozedwa. Anafera komweko mu 1886. Iye ndiye anaonetsa kuti kudzipereka si katundu wobwera pa sitima ndi azungu, ndipo aphunzitsi akuda amene anatsatira, monga David Kaunda yemwe anapita ku Chinsali mu 1904, anayenda m'mapazi ake.

Patapita zaka zana, Edzi inabweretsanso funso la ku Carthage. Mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, amene ankasambitsa odwala, kuwatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala anali amayi a m'mipingo. Ku Karonga, Sisitere Beatrice Chipeta anayambitsa Lusubilo mu 1997 kuti ana amasiye aziledwa m'midzi mwawo momwe, ntchito imene inamupatsa mphotho ya Opus mu 2010.

Ku Misuku, chikondi chimayezedwa ndi miyendo. Pakati pa Asukwa ndi Andali, m'munsi mwa nkhalango za Mughese ndi Wilindi, mudzi wina umauona pafupi, koma kuti ukafike utsike chigwa, uwoloke mtsinje, ukwerenso. Maliro akagwa tsidya, amayi a mpingo a gulu la Umanyano amamanga duku loyera, mtolo wa nkhuni pamutu, ufa ndi nyemba m'kathumba, n'kuyamba njira yoterera ndi mvula. Amagona pasiwa, amaphika, ndipo ena amabwereranso patapita masabata, anthu onse atabalalika, nthawi imene wofedwa amayamba kumva kuzizira kwa nyumba. Khofi naye sadikira munthu: akafiira ayenera kuthyoledwa ndi kukafika kumakina osendera tsiku lomwelo. Mayi wamasiye amene khofi wake wapsa pamodzi ndi wa aliyense safuna ulaliki. Amafuna manja a anthu amene asiya mitengo yawo ikudikira.

Masiku ano tazolowera kuganiza kuti chithandizo chimabwera pa galimoto ya bungwe, ndi chikwangwani ndi zithunzi. Koma mvula ikakula galimoto imalephera zitunda za kuno, ndipo mapulojekiti amatha. Mipingo ya ku Misuku ikafuna kudziwa ngati ikadali pa mzere wa Cyprian ndi Koyi, isayambe ndi kuwerenga chopereka cha Lamulungu. Ifunse kaye kuti nkhalamba zimene zadwala chaka chino m'midzi yake, anazitungira madzi ndani.