Cibadwa ca Munthu ndi Kupatsirana HIV Pakati pa Okwatirana

Pa City Market ndi m'makomboni a Lusaka anthu amakamba za "magazi olimba" akamva za banja limene mmodzi ali ndi kalombo ka HIV pamene mnzace alibe. Mabanja otere alipodi, ndipo zambiri zimene akatswiri akudziwa za iwo zinapezeka mu Lusaka momwemuno.

M'caka ca 1994, Dr Susan Allen, amene anali kucita kafukufuku ku Kigali, anasamutsira nchito yao ku Lusaka cifukwa ca kuphana kwa ku Rwanda. Nchitoyi pambuyo pace inadziwika ndi dzina lakuti Zambia-Emory HIV Research Project. Okwatirana anali kupimidwa magazi pamodzi, ndipo amene anapezeka osiyana anapatsidwa uphungu ndi makondomu ndi kumapimidwa kawirikawiri kwa zaka zambiri.

Munthu aliyense amatengera kwa makolo ace tizigawo ta cibadwa tochedwa HLA, timene timathandiza citetezo ca m'thupi kuzindikira zacilendo. M'caka ca 2004, magazini ya The Lancet inafalitsa zotsatira za mabanja a ku Lusaka zoonetsa kuti pamene mwamuna ndi mkazi ali ndi HLA-B yofanana, kalombo kamadutsa msanga kwa amene alibe, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Akatswiri amaganiza kuti kalomboko kamakhala katazolowera kale kuzemba citetezo ca mtundu umenewo, kapena kuti thupi la wolandira siliona msanga kuti mwalowa cacilendo.

Mtundu wina, HLA-B*57, umathandiza thupi kucepetsa tizilombo m'magazi. Kafukufuku wa ku Lusaka wa mu 2001 anatsimikiza kuti wokhala ndi tizilombo tocepa sapatsira mnzace msanga.

M'caka ca 1996 kunadziwika kusintha kwina kwa cibadwa, CCR5-delta 32, kumene kumatseka khomo limene HIV imaloweramo m'maselo. Mwa azungu a ku Ulaya, pafupifupi mmodzi pa 100 anakutengera kwa makolo onse awiri, koma pakati pa anthu akuda a mu Africa n'kosowa kwambiri.

Cibadwa cimacedwetsa kapena kufulumizitsa cabe, siciteteza kotheratu. Ena mwa amene anali opanda kalombo m'mabanja a ku Lusaka anadzakatenga patapita zaka. Cimene cinatsimikizika ndi mankhwala. Mu 2011, kafukufuku wa HPTN 052, amene anacitikanso ku Lilongwe ndi Blantyre, anapeza kuti kuyamba msanga ma ARV kumacepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Wopanda kalombo angamwe PrEP, ndipo mu February 2024 dziko la Zambia linayamba kupereka nyereti ya cabotegravir yobaya pa miyezi iwiri iliyonse.

Anchito za umoyo amalangiza okwatirana kukapimitsa pamodzi, popeza zotsatira za mmodzi sizinena za mnzace.