Dzuwa la ku Mambwe ndi mbiri ya madzi oyanika

Mu Okutobala, kutentha kukafika pachimake ku Mfuwe, mitsinje yambiri ya m'boma la Mambwe imasanduka mchenga, ndipo amayi amafukula mumchengamo kuti apeze otunga. Mu Luangwa madzi satheratu, koma muli ng'ona ndi mvuu, ndipo njira zopita kumeneko n'zanjovu. Dzuwa loumitsa madamboli lili ndi ntchito ina imene ambiri sitiiwerengera.

Mu 1877, Angerezi awiri, Arthur Downes ndi Thomas Blunt, anaika timabotolo ta msuzi padzuwa, tina atatiphimba. M'tophimbato tizilombo tinaswana, pamene m'toyanika poyera munakhala mbee. Pambuyo pake kunadziwika kuti chopha tizilomboto ndi cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa ultraviolet, chimene chimationonga m'kati mpaka tilephere kuberekana. Mu 1910 mzinda wa Marseille ku France unayesa kudutsitsa madzi ake pa nyale zotulutsa chezachi. Nyalezo zinali zodula, zosachedwa kuonongeka, choncho klorini analanda malo. Kuno kwathu botolo la klorini lotchedwa Clorin linayamba kulowa m'makomo mu 1998.

Amene anabwezera nkhaniyi kwa osauka ndi Aftim Acra wa ku American University of Beirut. M'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti magetsi safunika, dzuwa palokha limakwana. Bungwe la Eawag la ku Switzerland linakhazikitsa muyezo wake: botolo la pulasitiki loonekera, losaposa malita awiri, ligonekedwe padenga la malata maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Ku Chikwawa m'Malawi, chigwa chotentha ngati chathuchi, ntchito ya WATERSPOUTT yomwe inayamba mu 2016 inayesa zidebe zoonekera za malita 20, chifukwa banja lonse silingakhutire ndi kabotolo kamodzi.

Ine ndimaona kuti njirayi ikuyenera kuphunzitsidwa pachitsime chilichonse kuyambira kwa Kakumbi mpaka kwa Msoro, koma pamodzi ndi malire ake. Cheza sichilowa m'madzi amatope a m'dzinja. Ayambe adikha, asefedwe pansalu yoyera. Ndiponso sichisiya chitetezo ngati klorini. Mukathira madziwo mumtsuko wosatsuka, kapena mwana akaviikamo chikho chakuda, ntchito yonse yapita padera.

Inu amayi ndi abambo a m'chigwa, madziwo muziwamwa kuchokera m'botolo lomwelo limene munayanika.