Mbiri ya Timitu ta Mau

Mau ambiri a Chichewa ali ndi zigawo ziwiri, ndizo tsinde ndi kamutu kokhala poyambira pache, kamene aphunzitsi amakatcha mphatikiri. Pa liu lakuti munthu, tsinde ndilo -nthu, kamutu ndiko mu-. Kamutu kakasintha, tanthauzo nalonso lisintha: anthu ndiwo ambiri, chinthu si munthu konse, kanthu nkakang'ono, ndipo umunthu ndiwo khalidwe lokoma la munthu. Timitu timeneti, ngakhale tiri tating'ono, tinaonetsa chibale cha mitundu yambiri, ndiponso tinapatsa maiko ena maina.

M'chaka cha 1855 Mjeremani wina, dzina lache Wilhelm Bleek, anafika ku Natal pamodzi ndi Bishopu Colenso kudzaphunzira Chizulu. Pambuyo pache anakakhala ku Cape Town, nayamba kulinganiza zinenero za mitundu yotalikirana. Anaona kuti zonse zinali ndi mwambo umodzi: maina a anthu ndi a zinthu ali m'magulu, ndipo gulu liri lonse liri ndi kamutu kache. Mzulu amati umuntu, abantu. Mswahili amati mtu, watu. Msotho amati motho, batho. Bleek anazindikira kuti kufanana kotere sikungabwere mwangozi, koma kuti zinenerozi nza mimba imodzi. M'buku lache la m'chaka cha 1862 anazitcha zonse Bantu, ndiko kunena anthu. Lero akatswiri amawerenga zinenero zoposa 400 za banja limeneli, kuyambira ku Cameroon kufikira ku South Africa, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa izo.

Koma si alendo onse amene anatchera khutu monga Bleek. M'chaka chomwecho cha 1862 John Speke, Mngerezi wofunafuna gwero la mtsinje wa Nile, anafika kwa Kabaka Mutesa. Kumeneko munthu mmodzi ndi Muganda, ambiri ndi Baganda, chinenero ndi Luganda, ndipo dziko ndi Buganda. Tsono Speke anadza ndi omasulira olankhula Chiswahili, m'mene kamutu ka dziko ndiko u-, monga pa dzina lakuti Unyamwezi. Iwo anati Uganda, ndipo Azungu analemba chomwecho. Angerezi atayamba kulamulira kumeneko m'chaka cha 1894, dzinali linakula, niliphimba ndi maufumu ena, monga Bunyoro, Toro ndi Ankole. Polandira ufulu m'chaka cha 1962 dzikolo linasunga dzina lomwelo. Kotero kufikira lero Buganda ndi chigawo chimodzi chabe cha Uganda, ndipo chosiyanitsa maina awiriwa ndi kamutu kokha.

Kum'mwera kwa Africa nkhani inayenda mwina. Anthu a mfumu Moshoeshoe amati Mosotho ponena mmodzi, Basotho ponena ambiri, Sesotho ponena chinenero, ndi Lesotho ponena dziko. Angerezi atatenga dzikolo m'chaka cha 1868 sanasamale zimenezi. Anatola dzina la anthu, naikako kumapeto liu lao lotanthauza dziko, nalitcha Basutoland. Anachita chimodzimodzi ndi dziko la Batswana m'chaka cha 1885, nalitcha Bechuanaland. Eni ache anapirira maina amenewa zaka zambiri, koma m'nyumba mwao sanaiwale maina enieni. Pa 30 September 1966 Bechuanaland anasanduka Botswana, ndipo patangopita masiku anai, pa 4 October, Basutoland anasanduka Lesotho. Tsinde la dzina silinasinthe; chimene chinabwerera pamalo pache ndi kamutu ka dziko.

Mwambo womwewo uli m'Chichewa. Mchewa ndi mmodzi, Achewa ndi mtundu wonse, Chichewa ndi chinenero ndi miyambo yao. Mlendo akafika amavekedwa kamutu komweko, nakhala Mzungu wolankhula Chizungu kapena Mmwenye wolankhula Chimwenye.

Chifukwa chache wophunzira kuwerenga ndi kulemba asapeputse malemba oyamba a liu. Wolemba kalata akaika chi- kapena ka- pamene payenera mu-, wasandutsa mnzache chinthu, kapena wamchepetsa. Akalemba dzina la mkulu osaikako a- waulemu, wamnyoza asanayambe nkhani. Ulemu wa munthu, monganso dzina la dziko, umayambira pa kamutu ka liu.