Ng'oma ya Gregory Coleman ndi Amene Anapalako Moto

M'caka ca 1969 gulu lina la oimba nyimbo za soul la mu mzinda wa Washington ku America, dzina lace The Winstons, linatulutsa mbale ya galamafoni. Mbali imodzi kunali "Color Him Father," nyimbo imene inalandira mphotho ya Grammy m'caka ca 1970. Kuseri kwace anaikako nyimbo yovina, "Amen, Brother," imene anthu sanaisamale kwenikweni. Pakati pa nyimbo yakuseriyo malipenga ndi magitala amaleka, nkutsala woomba ng'oma yekha, Gregory Coleman, kwa masekondi osakwana 7. Kamphindi kameneka ndiko tifuna kukalondola ulendo wace.

Poyamba tidziwe kuti a Winstons nawonso anacita kupala moto kwa anzao. "Amen" inali nyimbo ya mapemphero ya anthu akuda a ku America. Jester Hairston anaikonza, nimveka m'kanema wa Lilies of the Field m'caka ca 1963. Caka cotsatira gulu la Curtis Mayfield, The Impressions, linaiimbanso. A Winstons anangoifulumiza mayendedwe.

Kuti kamphindi ka ng'oma yokha kasanduke cuma, panafunika munthu wina. Clive Campbell, wodziwika ndi dzina lakuti DJ Kool Herc, anabadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica, nasamukira ku Bronx mu mzinda wa New York. Pa 11 August 1973 anaimbitsa mbale pa phwando la mlongo wace ku 1520 Sedgwick Avenue, ndipo ambiri amawerenga tsikulo ngati ciyambi ca hip-hop. Herc anaona kuti ovina amangodikira pamene ng'oma itsala yokha, ndi kuti fumbi limabuka pomwepo. Tsono anayamba kugula mbale ziwiri za nyimbo imodzi ndi kuziika pa magalamafoni awiri; kamphindi kakatha uku, amakayambanso uko, gule osaduka. Pofuna kuti opikisana naye asadziwe nyimbo zace, ankanyika mbale m'madzi kuti pepala la dzina limatuke. Kubisa mwini nyimbo kunayamba ngati ucenjede wa pabwalo cabe.

M'caka ca 1986 "Amen, Brother" inalowa m'gulu la mbale za Ultimate Breaks and Beats, zosonkhanitsira a DJ timphindi totere. Nthawi yomweyo makina a sampler, amene amajambula kacidutswa ka nyimbo ndi kukabwereza, anali kufalikira. A Salt-N-Pepa anatenga ng'oma ya Coleman caka comweco, a N.W.A naitenga m'caka ca 1988 mu "Straight Outta Compton" (mau a nyimbo imeneyi sayenera m'kalasi, aphunzitsi acenjere). Itaoloka nyanja kufika ku Britain m'zaka za m'ma 1990, anyamata a kumeneko anaithamangitsa, naiduladula, nailumikiza mwatsopano, mpaka panabadwa mtundu wa nyimbo wa jungle.

Ena amati umenewu ndi ulesi. Ife sitibvomereza. Kusankha masekondi ocepa pakati pa mbale zosawerengeka kumafuna khutu lakuthwa. Mverani bwino Coleman: kawiri koyamba amaomba mofanana, koma kacitatu amacedwetsa dala kugunda kumodzi, ngati munthu wopunthwa amene sagwa. Kupunthwa kumeneko ndiko kumanyamula wovina, ndipo amene anakumva anali odziwa kumvera. Mwana amene mwamphunzitsa kuomba m'manja motsata ng'omayi angathe kupeza yekha pamene yacedwerapo.

Koma wopala moto kwathu amalonjera eni nyumba, ndipo apa sizinatero. M'caka ca 1991 bwalo la milandu ku New York linagamula kuti Biz Markie analakwa potenga nyimbo ya Gilbert O'Sullivan wosapempha, ndipo kuyambira pamenepo makampani anayamba kulipira eni nyimbo. Coleman sanalandirepo kanthu pa ng'oma yace. Anamwalira ku Atlanta m'caka ca 2006, ndipo mbiri imati analibe nyumba. Mtsogoleri wa gululo, Richard Spencer, amene pambuyo pace anakhala mphunzitsi wa sukulu ya sekondale, anamva za ulendo wa ng'omayo m'caka ca 1996. M'caka ca 2015 a DJ awiri a ku Britain anayambitsa msonkhemsonkhe pa intaneti, nampatsa ndalama zokwana pafupifupi mapaundi 24,000. Spencer anamwalira m'caka ca 2020.