Zinayamba Bwanji? Thadzi pa mazira ake

FUNSO: Agogo anga ankati nkhuku zinabwera ndi azungu a mishoni ya ku Bandawe. Kodi n'zoona? Nanga anayambitsa zoti thadzi lizifungatira mazira ndani? (Wowerenga wa ku Chintheche)

YANKHO: Pepani achimwene, pamenepa agogo anapatsa amishoni ulemu umene si wawo. Pamene Dr Robert Laws ndi anzake ankasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881, atambala anali atalira kale mibadwomibadwo m'midzi ya Atonga.

Kwawo kwa nkhuku ndi ku Asia. Kholo lake ndi mbalame yofiira ya m'thengo imene mpaka lero ikupezeka m'nkhalango za ku Thailand, Myanmar ndi India. Mafupa akale kwambiri a nkhuku yoweta amene akatswiri ambiri sawakayika anafukulidwa ku Ban Non Wat m'dziko la Thailand, ndipo ndi a zaka zapakati pa 1650 ndi 1250 Yesu asanabadwe. Ku Africa kuno, a ku Mezber kumpoto kwa Ethiopia ndi a m'ma 800 mpaka 600 Yesu asanabadwe. Ku Zanzibar ndi kugombe la Aswahili nkhuku zikuonekera cha m'ma 700 kapena 800 Yesu atabadwa. Kufika kunyanja yathu ino zinadza pang'onopang'ono, m'madengu a amalonda ndi a anthu osamuka, mudzi uwu kupatsira uwo, kale kwambiri.

Kufungatira sikunayambitsidwe ndi munthu. Thadzi likaikira mazira okwanira, m'thupi mwake mumachuluka homoni yotchedwa prolactin. Limasiya kuikira, nthenga za pachifuwa zimathothoka kuti khungu likhudze mazira, ndipo limakwiya mukaliyandikira. Chimene munthu anayambitsa ndi kuswetsa mazira popanda thadzi. Aiguputo ankachita zimenezi m'mauvuni a njerwa zadothi zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo Diodorus Siculus, wolemba mbiri wachigiriki, analemba za lusoli mogoma nalo. Amisiri a mauvuni amenewa amadziwika ndi kuyeza kufunda kwa dzira poligunditsa pachikope.

FUNSO: Thadzi langa limaikira dzira limodzi patsiku kwa masabata awiri. Zimatheka bwanji kuti dzira loyamba ndi lomaliza aswe pafupifupi tsiku limodzi? (Mayi wa ku Kande)

YANKHO: Mayi, mwafunsa funso limene ndimalikonda kuposa onse a ziweto, ndiye mundilole nditambasule.

Dzira la thadzi lokhala ndi tambala likamagwa m'chisa, mwana amakhala atayamba kale, kadontho koyera pamwamba pa chikasu. Dziralo likazizira, kadonthoko kamaima osakula, komanso osafa. Kamadikira. Loyamba limadikira masiku ambiri, lomaliza tsiku limodzi, ndipo onse amayambira pamodzi usiku umene thadzi lakhazikika n'kuwafunditsa mpaka madigiri pafupifupi 37.5. Masiku 21 aja timawerenga kuyambira pamenepo. Lisanathe tsiku lachitatu, mtima umakhala ukugunda.

Izi zokha n'zodabwitsa, koma zazikulu zili kumapeto. Cha pa tsiku la 19 kapena la 20, mwanapiye amabowola ndi mlomo kachikopa kamene kamamulekanitsa ndi mpweya wa kumbali yaikulu ya dzira. Amayamba kupuma ndi mapapo chigoba chisanasweke, ndipo akangopuma amayambanso kulira. Thadzi limamumva, limayankha ndi kamawu kapansipansi. Mayi ndi mwana amadziwana mawu asanaonane.

Kuwonjezera pa kulirako pali kaphokoso kena, kakuti tha, tha, tha, kamene kamamveka mwanapiye akamapuma. Katswiri wina wa ku Cambridge, mayi Margaret Vince, anathera zaka za m'ma 1960 akumvetsera kaphokoso kameneka m'mazira a zinziri. Anapeza kuti mazira akagundana m'chisa amaswa pafupifupi nthawi imodzi, koma akawatalikitsa lililonse limaswa pa nthawi yakeyake. Dzira limene analiika mochedwa ndi tsiku lathunthu linkafulumira kuti lipeze anzake. Pa mtundu wina wa zinziri, amene anatsogola ankachepetsa liwiro. Mayiwa anafika pogwiritsa ntchito makina otulutsa kaphokoso kofanana nako: malinga ndi liwiro la kugogodako, mazira ankaswa msanga kapena ankachedwa. Tangoganizani, tizamoyo tosaona dzuwa, totsekeredwa katokhakatokha, tikupangana za tsiku lotuluka!

Chifukwa chake chili m'thengo muja. Mbalame yomanga chisa pansi siingadikire sabata kuti ana onse atuluke, chifukwa fungo la zigoba limaitana likongwe ndi njoka. Iyenera kunyamuka ndi gulu lonse nthawi imodzi. Pa nkhuku mgwirizanowu si wothina ngati pa zinziri, kuswa kumatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri. Woyamba kutuluka safa ndi njala podikira anzake, pakuti atatsala pang'ono kuswa amalowetsa m'mimba chikasu chotsala, ndipo chimamusunga masiku awiri kapena atatu.

Ine ndimakhulupirira kuti mwana aliyense wa pulayimale ayenera kumva zimenezi ndi khutu lake. Aphunzitsi a sayansi m'sukulu za m'mbali mwa nyanja, zipangizo zingakusoweni, koma thadzi lofungatira silisowa m'mudzi. Pa tsiku la 20, likatsika kukadya, tengani dzira limodzi mosamala, muliike pakhutu la mwana kamphindi kochepa, mulibwezere pomwe linali. Phunziro limenelo sadzaliiwala.

Kwa inu Mayi, mfundo ndi iyi: thadzi likakhazikika musamawonjezere mazira, ndipo amene mwaliikira muwalembe ndi khala kuti mudziwe ngati thadzi lina laikiramo mwakuba. Ochedwa ndi masiku atatu kapena anayi sangapeze anzawo, make adzawasiya ozizira. Samalaninso ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kwanu ku Kande. Kukapitirira madigiri 27, kadontho kaja kamayamba kukula masana n'kuima usiku, mapeto ake kamafooka. Thadzi lisanakhazikike, muzichotsa mazira tsiku ndi tsiku, kusiya limodzi m'chisa, n'kuwasunga pamalo ozizira m'nyumba. Ofungatiritsa akhale a masiku osapitirira 10.

FUNSO: Kuno kwathu mvula ikagwa ndi mabingu, mazira ambiri amasukusa. Akuluakulu amati tiziika msomali kapena makala m'chisa. Kodi zinayamba liti, ndipo zimathandizadi? (Bambo wa ku Mpamba)

YANKHO: Bambo, msomali umenewo ndi wakale kuposa mmene mukuganizira. Pliny Wamkulu, Mroma amene anafa phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79 Yesu atabadwa, analemba kuti bingu limawononga mazira ndipo mankhwala ake ndi msomali wachitsulo pansi pa udzu wa m'chisa, kapena dothi lochokera pa pulawo. Mroma mnzake Columella anawonjezerapo adyo. Choncho agogo a ku Mpamba ndi alimi a ku Roma anagwirizana chimodzi, ndipo onse anaphonya.

Bingu silipha mwanapiye m'dzira. Nkhanga za m'tchire zimaikira ndi kuswa m'dzinja mwenimweni, chisa chili pansi, thambo likung'ambika pamwamba pake, popanda msomali ngakhale umodzi. Mbalame zambiri za m'madambo zimachitanso chimodzimodzi. Likanakhala kuti bingu limapha, boma la Nkhata Bay, limene ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'Malawi muno, likanakhala lopanda nkhuku.

Wakupha mazira ndi mvula imene imadza ndi bingulo. Denga la khitchini likadontha kapena madzi akalowa pansi pa chitseko, chisa chimanyowa ndipo mazira amazizira. Thadzi likabwera ndi matope kumapazi limapaka mazira, ndipo chigoba chili ndi timabowo masauzande ambiri topumira, momwe tizilombo toola timalowera. Kufunda ndi chinyezi zimachulukitsa utitiri, umene umaluma thadzi usiku wonse mpaka litathawa pa mazira. Linthumbu nalo limayenda kwambiri nyengo yomweyo. Onjezani dyera lathu loikira thadzi laling'ono mazira 18 pamene lingafunditse 10 kapena 12 okha. A m'mphepete amazizira, thadzi likawatembenuza amalowa pakati n'kutulutsa anzawo, mpaka onse alawa kuzizira.

M'malo mwa msomali, kwezani chisa pathandala, mutenthe udzu wakale, muwaze phulusa pansi musanayale watsopano. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 10, muunike dzira lililonse usiku ndi tochi ya foni. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude. Loyera mbee mulichotse lisanaole n'kuphulikira anzake.

FUNSO: Ndinagula nkhuku zamazira ku Mzuzu. Zikuikira bwino koma palibe ndi imodzi yomwe yofungatira. Zinalakwika pati? (Mphunzitsi wa ku Usisya)

YANKHO: Sizinalakwike, Aphunzitsi, anazipanga dala. Thadzi lofungatira ndi kulera limasiya kuikira kwa miyezi iwiri kapena itatu, n'chifukwa chake lachikuda limapereka mazira 40 mpaka 60 pachaka pamene lamakono limafika 300. Makina oswetsera atafala ku America ndi ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, oweta anayamba kusankha mathadzi osafungatira, monga a mtundu wa White Leghorn, mpaka khalidwelo linatsala pang'ono kuzimirira. Ngakhale Black Australorp, imene timaitcha Mikolongwe ndipo boma lakhala likuigawa kuchokera ku Mikolongwe, Bwemba ndi Choma, siipirira pa mazira ngati yachikuda.

Zimandipweteka ndikaona banja likugulitsa mathadzi onse achikuda pofuna mtundu wamakono. Makina amafuna magetsi osaduka masiku 21, pamene thadzi limangofuna madeya, madzi ndi mtendere. Sungani awiri kapena atatu odziwika ndi kulera bwino, muziwaikira mazira a nkhuku zanu zatsopanozo, malinga pakhale tambala. Thadzi silisankha: limaswa a nkhanga pa masiku 26 mpaka 28, ngakhale a abakha athu ofiira kumaso, amene amatenga 35. Kwa masabata asanu amenewo limaonda kwambiri, choncho muliikire madzi pafupi ndi madeya osakaniza ndi zinyenyeswa za usipa. Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso uja, muzipereka kwa nkhuku zonse miyezi inayi iliyonse, anapiye omwe.