Mbiri ya mpingo wa Dzenza CCAP ndi nyumba za mapemphero za kumidzi

Mpingo wa Dzenza, womwe uli pansi pa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, udakhazikitsidwa m'chaka cha 1921 kumpoto kwa boma la Lilongwe. Lero malowa ali m'mphepete mwa mzinda, kufupi ndi Area 25, koma pa nthawiyo kudali midzi ndi minda yokhayokha.

Chiyambi

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, omwe anthu ankangowatchula kuti a Dachi, adayamba ntchito yawo pa Mvera m'dera la Mfumu Chiwere pa 28 Novembala 1889. Atsogoleri awo adali abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Kuchokera apo adatsekula Kongwe mu 1894, Nkhoma mu 1896, Malingunde mu 1907 ndi Mchinji mu 1914.

Pakati pa mamishoni amenewa padatsala chigwa chachikulu cha anthu ambiri, chomwe mbusa sakadatha kuchiyendera mokwanira wapansi kapena pa njinga. Dzenza idadzachepetsa mtunda umenewu. Zaka zomwezo derali lidayamba kusintha, pakuti mu 1920 A.F. Barron ndi R.W. Wallace adayambitsa ulimi wa fodya wa chikopa pa Mbabzi, ndipo alimi ambiri adayamba kugwira ndalama.

Sukulu idatsogola, tchalitchi pambuyo

M'midzi yambiri ya kumpoto ndi kuzambwe kwa Lilongwe mpingo udayambira pa sukulu ya m'mudzi. Nyakwawa ikalola, anthu ankamanga kanyumba kofolera ndi udzu, ndipo mishoni inkatumiza mphunzitsi yemwe adalinso mlaliki. Mkati mwa sabata ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi katekisima. Lamulungu ankatsogolera mapemphero m'kanyumba komweko. Ofuna ubatizo ankalowa kalasi kwa zaka zingapo, ndipo pa nthawi ya mgonero Akhristu ankayenda ulendo wautali kupita ku siteshoni.

Ntchitoyi siidayende mopanda zokhoma. M'zaka za m'ma 1920 kudali kusamvana kwakukulu pakati pa sukulu za mishoni ndi eni gule wamkulu, popeza mbali zonse zinkalimbirana anyamata a m'mudzi. Padalinso mpikisano ndi Akatolika a White Fathers, omwe adakhazikika ku Likuni ndipo pambuyo pake ku Nambuma. Pofuna kuti ana a Akhristu asasowe mwambo, mpingo udakonza chilangizo m'malo mwa chinamwali, n'kusankha alangizi pakati pa Akhristu omwe.

Ulamuliro ubwera m'manja mwa Amalawi

Baibulo lonse la Chinyanja, Buku Lopatulika, lomwe ntchito yolimasulira idatsogoleredwa ndi mbusa W.H. Murray, lidatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Mu 1925 Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza adadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mpingowu, ndipo mu 1926 Nkhoma idalowa mu CCAP, yomwe Blantyre ndi Livingstonia adaikhazikitsa mu 1924. Bungwe la Chigwirizano cha Amayi lidayamba mu 1940. Mu 1956 Nkhoma idakhala sinodi, ndipo mu 1962 amishoni adapereka ntchito ndi katundu yense m'manja mwa sinodiyo.

Kayendetsedwe kake

Mpingo umodzi wa kumudzi umakhala ndi nyumba za mapemphero zingapo, ndipo Akhristu amagawidwa m'milaga. Popeza mbusa ndi mmodzi, ntchito ya tsiku ndi tsiku ili pa akulu ampingo ndi atumiki: kulalikira, kuzonda odwala, kuyendetsa mwambo wa maliro ndi kusonkhetsa zopereka za masika. Malamulo ake ali m'buku la Zolamulira. Nyumba ya mapemphero ikakula n'kutha kusamala mbusa wakewake, imapempha kuti iime payokha. Umu ndi momwe mipingo ing'onoing'ono idachulukira m'bomali, makamaka likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975.

Kufunika kwake pa ntchito za boma

Sukulu zambiri za pulayimale zomwe lero aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma zidayamba ngati sukulu za m'midzi zoterezi, ndipo mwini wake akadali mpingo. Malo omwe zidamangidwapo kawirikawiri adaperekedwa ndi mafumu pakamwa pokha, mboni zake n'kukhala akuluakulu omwe ambiri adatisiya. Pamene mzinda ukufutukukira m'midzi, ndipo lamulo la malo a mafumu la 2016 likupereka mwayi wolembetsa malo, malire a tchalitchi, sukulu ndi manda akufunika umboni wolembedwa.

Umboni wotere umapezeka m'mabuku a mpingo: a ubatizo, a maukwati ndi a zokambirana za akulu ampingo. Kumidzi yambiri mabukuwa ndi akale kuposa kaundula aliyense wa boma wa kubadwa kwa anthu. Mpingo womwe wawalekerera kuti adyedwe ndi chiswe umataya mbiri yake pamodzi ndi mboni yake pa milandu ya malo.